Wakuba Mchere

Dokotala wa ku Oostende sanakweze mawu.
Anangomasula lamba wopimira pamkono wa bambo
n'kuyang'ana ine, osati iwo:
"Mchere uchepe. Mtima watopa."

Bambo anga, a Staf Dewulf,
amene anakoka maukonde zaka makumi anayi
pa Nyanja ya Kumpoto,
mchere m'ndevu, mchere m'ming'alu ya zala,
anakokera chipewa kumaso n'kunena tili panjira:
"Tchipisi chopanda mchere, Femke,
ndi maliro opanda nyimbo."

Lachisanu loyamba ndinamvera dokotala.
Tchipisi chinali zii.
Patebulo napo zii.
Analawa kawiri, natsegula zenera,
chotsalacho n'kuponyera mbalame zapadoko,
zolongolola zija zosasankha.

Ndiye ndinasanduka wakuba.

Ndinatsitsa kamtondo kamkuwa ka malemu mayi,
kamene kanakhala zaka kakusunga mabatani.
Makoko a mandimu ndinawayanika pachotenthetsera nyumba
mpaka anapiringizika ngati zikhadabo.
Anyezi ndinamudula mopyapyala,
nagona mu uvuni usiku wonse, chitseko chili pang'ono,
nyumba yonse n'kununkha mpaka m'masokosi.
Kusitolo yapakona, Driss anandiyezera papirika wautsi,
wofiira psuu,
nawonjezera chitowe pang'ono osawerengera ndalama.
"Uyambe wachikazinga," anatero,
"chikakulankhula m'mphuno, phula."

Adyo wouma. Njere za mpiru. Tsabola wakuda.
Gu, gu, gu, kamunsi m'kamtondo,
ndikuyetsemula, misozi ili chuchuchu,
ina ya tsabola, ina sindikudziwa.
Kenaka mchere: masupuni asanu ndi imodzi,
osinjidwa mpaka kukhala ufa,
chifukwa wosalala umamatirira
ndipo lilime limauyesa wambiri.

Mbatatesi ndinaikazinga kawiri, monga amafunira,
m'mafuta a ng'ombe.
Koyamba mofatsa, kuti ipse m'kati.
Ipume.
Kachiwiri moto wolusa, iyimbe, iwume kunja.
Chikadali chamoto m'mbale yachitsulo
ndinawaza ndili kutali, dzanja m'mwamba,
n'kupukusa, tsekete tsekete.

Anachiyang'ana ngati mlendo wobwera ndi ngongole.
"Chachita dzimbiri?"
Koma anadya. Ananyambita chala.

Sabata yotsatira, masupuni asanu.
Itatha ina, anayi ndi theka.
Pamene mchere wachoka ndinkaikapo ndimu,
pamene ndimu walephera, utsi wa papirika.
Kamodzi ndinapyoza muyeso wa mpiru,
anakhosomola mpaka galu anathawira kunsi kwa mpando.
Kamodzi ndinapsereza chitowe,
botolo lonse linapita kudzala.
Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatero,
koma wanga unali mtolo wochotsa.

Nambala ndinkazilemba ndi pensulo
kuseri kwa chitseko cha kabati,
kumene mwamuna wa zaka makumi asanu ndi awiri
sanayang'aneko chikwatirire.
Ndimo ndinkaganizira.

Mu Novembala, chifunga chitameza nsanja ya nyali,
ndinatsegula kabati kuti ndilembe: atatu.
Pansi pa mzere wanga panali dzanja lina,
zilembo zopendekera ngati zolembedwa pamafunde:

Awiri akwana.
Ndimu wonjezera. Mpiru usabwerezenso.

Ndinaima, supuni m'manja.
Iwo ali pampando wawo, nsana kwa ine,
akumvera zanyengo pawailesi
ngati kuti mawa apita kunyanja.

"Munadziwa liti?"

"Mwana iwe," osatembenuka,
"ine ndinkalawa mphepo usiku wamdima bii
n'kudziwa kuti gombe layandikira.
Undibere mchere m'mbale yanga yomwe?"

Mafuta anali atayamba kulira.
Ndinayeza awiri.
Anadzuka pang'onopang'ono, bondo likudandaula,
nandilanda kamunsi.
"Amayi ako sankasinja chonchi.
Ankapotokola dzanja. Taona."

Panja, mbalame zinadikira pazenera
mpaka kunada.